Tsiku limene nyanja inadya galimoto ya a Kaliwo

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye, inu nonse amene mumawerenga tsamba lino, a kuno ku Doha ndi a kumudzi omwe. Ine ndine Fanuel, kwathu ndi ku Kachulu m'boma la Zomba, ndipo kuno ndimayendetsa galimoto pakampani ina yaing'ono yotengera alendo kuchipululu. Ambiri a inu munamva kuti ndinaba katundu wa kampani n'kuthawa ntchito. Ena munangopukusa mutu, ena munaitumiza nkhaniyo mpaka inakafika kwa mkazi wanga Esnati. Lero ndikufuna mumve mmene munthu wa kwathu komwe anandisiyira m'chipululu, ndiponso mmene Mulungu anandibwezerera ine ndikuona ndi maso angawa.

Ntchito yathu ndi yotenga alendo m'mahotela a ku Al Dafna n'kupita nawo kum'mwera, kumene nyanja yamchere inalowerera pakati pa mapiri a mchenga n'kukhala ngati thamanda lalikulu. Malowo ndi otetezedwa, kulibe msewu, mpopi, chimbudzi ngakhale mtengo woti n'kubisalapo dzuwa. Anthu amachoka kutali kudzagona pansi m'tenti, kuphika pamoto ndi kusamba madzi a m'botolo, zinthu zimene kwathu timazitcha umphawi koma iwo amati ndi tchuthi.

Ulendo wanga woyamba ndinamanga tenti pafupi penipeni ndi madzi, monga tinkachitira pa Chilwa nthawi ya matemba. A Osman, dalaivala wachikulire wa ku Sudan, anandiseka mpaka kugwira m'mimba. Anandiuza kuti madzi amenewo amaoneka ngati nyanja ya kumtunda koma ndi a nyanja yaikulu, amaphwera n'kubweranso tsiku lililonse. Sindinakhulupirire, chifukwa kwathu nyanja imakwera ndi mvula basi. Ndinakhulupirira nditaona nsapato zanga zikuyandama.

Tsono kapitawo wa madalaivala anali Mmalawi mnzanga, a Kaliwo a ku Nkhotakota. Iwo ankakhalira muofesi yozizira, ndipo kuchipululuko ankangofikako kukatula katundu n'kubwerera, sanagoneko n'kamodzi komwe. Lachisanu lililonse ankatsogolera nyimbo pamapemphero athu ku Madinat Khalifa, maso ali tseke, dzanja lili m'mwamba. Ndinkawatenga ngati achimwene anga. Zinthu zinasintha mlamu wawo Dayisoni atatopa ndi ulonda n'kuyamba kufuna ntchito ya udalaivala. Malo panalibe, ndiye panafunika kuti wina achoke, ndipo winayo ndinali ine.

Nyengo yozizira ikupita kumapeto, alendo atayamba kuchepa, a Kaliwo anandiuza kuti kuli gulu lina lofuna malo akutali opanda phokoso. Tinapakira matenti, makapeti ndi mbaula, tinaphwetsa matayala pothera tala kuti asatitimire mumchenga monga mwa nthawi zonse, n'kulowa mkati kudutsa malo onse amene timafikako. Tinatsitsa katundu pamwamba pa chitunda. Anandisiyira timabotolo tamadzi tochepa ndi mabisiketi, amvekere alendo afika nawo mawa m'mawa pamodzi ndi zakudya. Foni yanga inali pachaja m'galimoto, ndipo nditati ndiitenge anandiletsa.

“Isiyeni idzaze kaye, a Fanuel. Kuno network kulibe, muichita nayo chiyani? Mafi mushkila, palibe vuto, mawa ndibwera nayo.”

Ndinawathokoza, abale. Ndinawakwezera dzanja akupita.

Ndinamanga matenti onse bwinobwino, ndinayala makapeti, ndinatolera miyala yopangira mafuwa. Kutacha ndinavala yunifolomu yanga n'kuyamba kudikira. Dzuwa linakwera, linapendeka, kunali zii. Mukudziwa chimene ndinachita tsiku limenelo? Ndinagwada n'kuwapempherera a Kaliwo, poganiza kuti achita ngozi panjira. Ndikakumbukira pemphero limenelo mpaka lero mtima umandiwawa.

Tsiku lotsatira m'pamene nzeru zinabwera. Ndinakumbukira za foni ija, ndinakumbukira kuti sindinaone dzina la alendowo paliponse, ndinakumbukiranso kuti a Kaliwo anatuma a Osman kwina dala. Ndinayesa kulondola mapazi a matayala, koma mphepo inali itafufuta zonse, ndipo mbali iliyonse kunali mchenga wofanana. Mphamvu zitayamba kutha ndinabwerera kumatenti, poti kumeneko kunali kamthunzi. Madzi ndinkangonyowetsa lilime, komabe anatha. Ludzu litafika povuta ndinalawa a m'nyanjamo, ndipo ndinasanza mpaka kuona mdima. Milomo inang'ambika, malovu anauma, mutu unkagunda ngati muli mmisiri wosula makasu. Madzi ochuluka chonchija ali pamaso panga, ine ndikufa ndi ludzu.

Ndinalira, sindibisa. Ndinkaganiza za Esnati ndi ana anga awiri, kuti adzamva zotani ndipo maliro anga adzalira opanda mtembo. Kenako misozi inatha, m'malo mwake munadzaza ukali. Pemphero limene ndinapemphera pamenepo silinali la ulemu ngati la m'tchalitchi. Ndinati Ambuye, munthu uyu amakuimbirani Lachisanu lililonse, inu mumamva mawu ake koma mwaonanso manja ake. Ngati ndifere pano, iyeyo asadzamwe madzi n'kumva kukoma. Ngati mundipulumutse, musamulange ine kulibe, ndikufuna ndidzaone.

Zimene zinkachitika ku tauni ndinazimva pambuyo pake. Alendo kunalibe n'komwe. A Kaliwo anauza bwana mwini kampani kuti ndasowa pamodzi ndi matenti, ndipo bwanayo anakanena kuboma kuti ndathawa ntchito. Inu a kuno mukudziwa kulemera kwa mlandu umenewo: ukagwidwa, ndi chitokosi kenako ndege, kubwerera kwanu ndi dzina la wakuba. A Kaliwo ankawerengera kuti ndikwera galimoto ya anthu odutsa n'kukafika m'tauni mlandu utapsa kale. Sanaganize kuti nyengo imeneyo pakati pa sabata kumalo amenewo sikudutsa munthu. Kapena anaganiza, Mulungu ndiye akudziwa. Pagulu lathu la pafoni analemba kuti tipempherere m'bale wathu Fanuel amene Satana wamusocheretsa, ndipo Esnati anamuimbira okha kumuuza kuti alimbe mtima poti mwamuna wake wathawa ndi katundu wa eni.

M'mawa wina ndili gone m'tenti, ndinamva kulira kwa injini. Ndinakwawa n'kusuzumira. Inali galimoto ya kampani, yatsopano imene bwana ankaikonda kwambiri. Nthawi imeneyo madzi anali ataphwera kutali, n'kusiya bwalo lalikulu losalala m'munsi mwa chitunda. Pofuna kuti katundu azingomutsetsereza, woyendetsayo sanakwere kumtunda koma anadzera m'mbali n'kudzaimika galimoto pabwalo lonyowalo. Munatuluka a Kaliwo ndi Dayisoni. Anabwera kudzapasula matenti kuti akagulitse, poganiza kuti ine ndinachoka kalekale.

Atandiona ndikutuluka, Dayisoni anabwerera m'mbuyo ngati waona mzukwa. A Kaliwo anayamba chibwibwi, amvekere galimoto inawonongeka, amvekere akhala akundifunafuna. Ndinatsika movutika mpaka pagalimoto, ndinatenga mabotolo awiri amadzi ndi foni yanga imene inali m'kabokosi ka kutsogolo itazimitsidwa, n'kukwera kukakhala pakhomo pa tenti. Ndikutsika paja, phazi langa linamva kuti pansi payamba kufewa. Ndinayang'ana kunyanja n'kuona kuti madzi atembenuka.

Ndikanatha kunena. Mawu ochepa chabe akanakwana. Koma ndinatsegula botolo langa n'kuyamba kumwa pang'onopang'ono. Abusa anandiuza pambuyo pake kuti ndikanawachenjeza. Ine ndinawayankha kuti pakamwa panga panauma chifukwa cha a Kaliwo omwewo, ndiye sindikuona chifukwa choti mawu oyamba otuluka pamenepo akanakhala owathandiza iwo.

Anayamba kupasula matenti mothamanga, a Kaliwo akundinyengerera kuti tikafika ndikanene kuti ndinasochera ndekha, iwo akandikonzera zonse. Patapita nthawi Dayisoni anaima n'kuloza kumunsi.

“Alamu, madziwa ngati akuyandikiratu. Bwanji tisunthe galimoto?”

“Iwe, ine ndinabadwira m'mphepete mwa nyanja,” anatero a Kaliwo osatembenuka n'komwe. “Nyanja imayenda nthawi ya dzinja. Mvula waiona kuti kuno? Fulumira, pinda tentiyo.”

Ndinamva mawu amenewo ndipo mumtima mwanga ndinati zikomo Yesu.

Madzi a kumeneko sabwera ndi mafunde kapena phokoso. Amangokwawa mwakachetechete, ndipo amayambira pansi pa mchenga. Pamene a Kaliwo ankatsika ndi mtolo woyamba, anapeza matayala ali m'madzi. Anaponya mtolowo, analumphira m'galimoto n'kuponda moto mwamphamvu, chimene ndi chinthu choipitsitsa kuchita pamalo otero. Matayala anazungulira pamodzimodzi n'kudzikumbira dzenje, galimoto inakhala pansi ndi mimba. Dayisoni anakumba ndi manja, anaika makapeti a kampani kunsi kwa matayala, koma zonse zinangomira m'matope. Madzi anafika m'mawondo, kenako analowa pazitseko.

“A Fanuel! Achimwene! Tabwerani mutithandize ku-pusha, chonde!”

“Ndilibe mphamvu, a Kaliwo,” ndinatero. “Sindinadye.”

Ndinakhala pamenepo ndikuonerera, ndipo ndikuuzeni zoona, madzi a m'botolo aja ankakoma kuposa chilichonse chimene ndinamwapo chibadwire. Injini inatsokomola n'kuzima. Munthu amene ankayenda monyada muofesi anali ataima m'madzi ofika m'chiuno, akumenya galimoto ndi zibakera uku akulira ngati mwana.

Apa m'pamene muone nzeru za Mulungu. Tonse atatu tinali tsopano opanda galimoto, ndipo madzi akumwa otsala anali m'galimoto yomirayo. A Kaliwo analibe kuchitira mwina. Anakwera chitunda chachitali kwambiri chapafupi, akugwa n'kudzuka, mpaka foni yawo inagwira, ndipo anaimbira bwana ndi pakamwa pawo. Munthu amene anandisiya kuti ndisapezeke ndi yemweyo amene anaitana anthu kudzandipeza.

Bwana anafika dzuwa litapendeka, ali ndi a Osman ndi galimoto ina yokokera. Anatsika n'kuyang'ana denga la galimoto yake likuonekera pamwamba pa madzi. Kenako anayang'ana matenti amene anauzidwa kuti ndinaba, n'kudzayang'ana ine, wothawa uja, milomo ili magazi okhaokha. A Osman anandikumbatira n'kundifunditsa nsalu yonyowa kumutu. Palibe amene anafunika kufotokoza zambiri, chifukwa Dayisoni anaulula zonse asanafunsidwe n'komwe. Bwana anangoti “Khalasi,” kutanthauza kuti basi zatha, ndipo aliyense anadziwa kuti ntchito ya a Kaliwo yathera pomwepo.

Kenako bwanayo anandipepesa, nalonjeza kuti mlandu uja akauchotsa m'mawa mwake, ndipo anandifunsa chimene ndikufuna. Sindinapemphe tchuthi kapena udindo. Ndinapempha kuti tikwere chitunda chija ine ndi a Kaliwo, a Osman atandigwira mkono. Pamwamba pake ndinayatsa foni yanga, ndinaimbira Esnati, n'kuwapatsa a Kaliwo kuti alankhule onse akumva. Anaima pamenepo buluku likudontha madzi.

“Mlamu, ndine Kaliwo. Zija ndinakuuzani zija ndinanama. Amuna anu sanabe kanthu. Ndinawasiya ndine kuchipululu.”

Kumbali inayo ndinamva mkazi wanga akulira mokweza, akuitana ana kuti bwerani, bambo anu ali moyo. Nditamva zimenezo ndinawauza a Kaliwo kuti sanamalize. Mawu omwewo anawajambulanso n'kuwatumiza pagulu lathu lija, pomwe anapempha anthu kuti andipempherere.

Ndinagona m'chipatala masiku ochepa, mlandu unachotsedwa, ndipo ntchito yanga ndikugwirabe. A Kaliwo anakwera ndege imene anandikonzera ine. Ena mwakhala mukundilembera kuti Mkhristu amakhululuka. Ndamva, ndipo ndikupemphera kuti tsiku lina ndidzafike pamenepo, koma sindikunamizani kuti ndafika. Amene mukufulumira kundilalikira, yambani mwagona kaye m'chipululu opanda madzi, kenako tidzakambirane.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya ndipo sanalikane. Ndikuthokoza a Osman, ndi Esnati amene anauza abale ake kuti mwamuna wake si wakuba ngakhale pamene aliyense ankati ndi wakuba. Iwe amene akukunamizira kuntchito, amene dzina lako laipitsidwa ndi munthu wodya naye mbale imodzi, usataye mtima ndipo usadetse manja ako. Gwira ntchito yako, pemphera mmene mtima ukuwawira, Mulungu saopa mawu olimba. Ine ndimapitabe kumalo aja ndi alendo, matenti ndimamanga pamwamba, ndipo madzi akayamba kubwerera ndimasiya chilichonse n'kukaima pachitunda kuwaonerera. Alendo amaganiza kuti ndimakonda kukongola kwa nyanja. Ine ndimakhala ndikuyang'ana pamalo pamene panaima galimoto ija mpaka madzi atapakwirira, kenako ndimati Amen n'kupita kukawaphikira tiyi.