Mbale ya Munthu Amene Palibe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno kutsidya kwa nyanja, ku Barking. Kulemba ndinaphunzira imvi zitamera kale, koma zimene Mulungu wandichitira sindingakhale nazo chete.

Chaka chatha sitiroko inandigwetsa. Ntchito yanga yaulonda ku Ilford inathera pomwepo, ndipo adokotala anati sindingakhalenso ndekha. Nanga ndikanapita kuti? Kwathu ku Ntcheu ndinachokako mwana wanga Tamanda akadali kumsana kwa amake, ndipo sindinabwererekonso. Nambala ya foni ya Tamanda ndinali nayo, koma manyazi ankandimanga manja. Ndinkangolira kuti, “Ambuye, ndionetseni khomo.”

Khomo limene linatseguka linali loyandikana ndi langa. Mmenemo munkakhala Jonas, mmisiri womanga nyumba wa ku Lithuania, amene ankanditcha Papa. Tsiku loti mawa Khirisimasi anandiitanira chakudya. Nyama panalibe, koma nsomba yozizira ngati yangovuulidwa kumene mumtsinje wa Thames. Anthu tinalipo anayi, mbale zinali zisanu.

“Pali mlendo wachedwa?” ndinafunsa.

Jonas anaseka. “Ayi, Papa. Kwathu tsiku la lero timaikira mbale ngakhale amene palibe.”

Kenako anandiuza za kholo lake lina, bwana wa banja lolemekezeka, mwini minda yambiri. M'zaka za m'ma 1800 anthu akwawo anaukira mfumu ya ku Russia, ndipo bwanayo anasiya zonse n'kulowa m'nkhalango kukamenya nawo nkhondo. Anagonja. Minda inalandidwa, iye n'kutumizidwa kundende ku Siberia. Atamasulidwa ali nkhalamba anaopa kubwerera, poti banja lake linasauka chifukwa cha iye. Koma atalimba mtima n'kufika tsiku loti mawa Khirisimasi, anapeza mbale yake ili pa tebulo. Mkazi wake ankaiika chaka ndi chaka.

M'mawa mwake Jonas anandibwereka foni, ine n'kuimba.

“Tamanda, ndine bambo ako. Kodi mbale yanga ilipo?”

Iye anati, “Mbale yanji, ababa? Mbale zinasweka kalekale. Koma mpando wanu wandalema amayi anakana kuugulitsa mpaka kumwalira kwawo. Bwerani mudzakhalepo, ukungotidyera malo.”

Ndinaseka misozi ikutsika. Mwezi wamawa ndikupita kwathu, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera m'kholo la eni. Inu amene mukuopa kugogoda, musaleke kupemphera, komanso gogodani. Mwina mpando wanu sanaugulitse.