Wotchi ya Apongozi Imafa 3 Koloko Isanakwane

Mkamwini, mnyamata wofatsa amene amakonza makompyuta mu ofesi ina, anafika pa shopu ya utelala ya apongozi ake aamuna 2 koloko itangopitirira, atanyamula tchaja ndi kapepala ka malangizo. Mkazi wake anali atamuuza m'mawa, mosakweza mawu, kuti wotchi yamakono imene anagulira bambo akewo, yomwe imamutumizira pa foni kagundidwe ka mtima wawo, ikangothanso batire dzuwa lisanalowe, Loweruka shopu itsekedwa ndipo mkuluyo asamukira kwa iwo.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera. Koma iyi ikutsirizika," anatero apongozi, akutambasula mkono pamwamba pa makina osokera, mapazi osasiya kuponda. "Musavutike nayo. Yakalamba."

"Ili ndi milungu itatu, bambo."

"Zinthu za masiku ano zimakalamba msanga."

Mkamwini analandira wotchiyo ndi manja awiri, nakhala pa kampando pakati pa zidutswa za nsalu. Batire inali pa 11 peresenti.

"M'mawa munaitchaja?"

"Inakhuta mpaka kukhosi."

Mkamwini analemba pa kapepala kuti inakhuta.

"Malangizo akuti tiyambe ndi kuwala kwa sikirini. Bambo, kuwalaku kwafika kumapeto."

"Maso anga ndi akale."

"Komatu mwalowetsa ulusi pa singano ine ndikuona, kamodzi kokha."

"Singano ndinaizolowera. Manambala ndi alendo."

"Ndiye ndikulitse manambala, kuwala nditsitse. Onani. Akuoneka?"

"Akuoneka," anatero apongozi ndi mawu a munthu amene wamva za maliro. Anaponya maso pa wotchi yapakhoma.

"Chachiwiri, ma alamu. Bambo, muno muli ma alamu 42."

"Ndi a mankhwala."

"Mankhwala mumamwa kawiri pa tsiku."

"Awiriwo ndi omwera. Enawo ndi ondikumbutsa kuti awiriwo akubwera."

Mkamwini anaiganizira nkhaniyo mofatsa, poti sankakonda kutsutsa munthu asanamumvetse, ndipo anapeza kuti ili ndi dongosolo lake.

"Ndisiya anayi," anatero. "Awiri omwera, awiri okumbutsa."

"Aaa, mkamwini! Ma alamu a munthu wamkulu mungofufuta chonchi?"

"Ndawalemba onse pa pepala, bambo. Mukawasowa, alipo. Chachitatu: wotchi ikuti mwakhala mukuthamanga kuyambira 8 koloko m'mawa."

"Eya."

"Maola asanu ndi limodzi. Mphindi iliyonse imafufuza kuti mwafika pati, ndipo yankho ndi lomwelo: pa mpando uwu."

"Ndiwo utelala umenewo. Miyendo imapita, munthu amatsala."

"Ndaimitsa mpikisanowo. Chachinayi..." Mkamwini anatembenuza wotchiyo, naphethira. "Tochi ndi yoyaka."

"Ndimafunira singano."

"Yatayika liti?"

"Sinatayike. Ndikuyembekezera."

"Mawa ndikubweretserani maginito," anatero mkamwini, nalemba zimenezonso. Kenaka anagwada kuseri kwa tebulo lodulirapo nsalu, nazula chingwe chimene anapeza pa soketi, nalowetsapo tchaja.

"Iii! Simbi yanga!"

"Pepani, bambo. Mukusita za kasitomala?"

"Ndikusita zanga."

Analidi malaya awo oyera, ndipo anali atasitidwa kale. Apongozi anawavala pamwamba pa vesiti, namanga mabatani mpaka pakhosi, natulutsa chipeso m'dilowa ya maulusi, nayamba kupesa tsitsi lochepa limene zaka zinawasiyira.

"Mukupita kuchipatala, bambo?"

"Ndikupita pomwe ndili pano. Yafika pati?"

"Pa 24. Ikukwera bwino."

"Mkamwini, tiyeni tilankhulane ngati akuluakulu. Lembani pa kapepala kanuko kuti yafa."

"Sinafe, bambo."

"Lembani kuti ikudwala matenda osachizika."

"Ilibe matenda. Ndi wotchi yabwino kwambiri. Ina ikanafa 10 koloko."

"Ndikudziwa! Mukuganiza kuti sindikudziwa? Kalimba mutu kameneka!" Apongozi anaika chipeso pansi. "Kauzeni mwana wanga kuti yakukanikani, basi."

"Sindinamunamizepo, bambo."

"Zaka zinayi zonsezi?"

"Zinayi ndi miyezi iwiri."

"Pepani," anatero apongozi.

Mkamwini anayang'ana nsapato zake. Panali mawu amene anawanyamula kuchokera kunyumba, ndipo njira yonse ankayembekezera kuti abwerera nawo osawatsitsa.

"Bambo, mwana wanu wanena kuti ikafanso lero, Loweruka mutseka shopu. Chipinda chakonzedwa kale. Ndapachika makatani ndine. Ndayeza ndi tepi. Makina anu sakwanamo."

Apongozi anakhala pansi pang'onopang'ono. Anaika dzanja pa gudumu la makinawo, pomwe penti inachoka kalekale chifukwa cha dzanja lomwelo. Wotchi yapakhoma inati kwatsala mphindi makumi awiri kuti 3 koloko ikwane.

"Mukuiona jekete yobiriwira ili pa hang'ala iyo?"

"Ndikuiona."

"Mwini wake ndi mayi wina, namwino wopuma ntchito. Amabwera 3 koloko kudzaiyeza. Lolemba ndimaichepetsa m'chiuno. Lachiwiri ndimaikulitsa. Lachitatu ndimasuntha batani."

"Ili ndi vuto lanji?"

"Ilibe."

"Nanga ikukonzedweranji?"

"Mkamwini, ku koleji kuja munkaphunzira chiyani?"

"Makompyuta, bambo."

"Zikuoneka." Apongozi anapumira m'mwamba. "Mayiyu akamaliza kuyeza jekete, amati ntchito yake yakale siichoka m'manja, ndiye amandigwira pa mkono apa kuti amve mtima. Sabata yoyamba ndinali nditavala kanthu kanuka. Anangondigwira, iko pwiii! pwiii! Posakhalitsa mwana wanga watulukira ndi takisi. Ananditulutsa muno tepi ili m'khosi, nsapato imodzi, mayiyo ataimirira apo mkono umodzi uli mu jekete."

"Ndikukumbukira. Madokotala sanapeze kanthu."

"Akanapeza bwanji? Kanthuko tinakasiya m'shopu."

Mkamwini anawerenganso kapepala kake kuyambira pamwamba: kuwala, ma alamu, mpikisano, tochi. Anaona kuti zonse zinayi zinali ntchito ya munthu mmodzi wakhama, ndipo anamva ulemu umene amisiri amamverana.

"Ndiye batire ilibe mlandu," anatero.

"Hoo, mwafika."

"Vuto ndi 3 koloko."

"Vuto ndi inu, amene mwaukitsa chinthu chimene ndakhala ndikuchipha kuyambira m'mawa. Itsekeni pakamwa, isamalire."

"Zimenezo zimasinthidwira pa foni ya mwana wanu."

"Ndiye ikhale pa tebulo."

"Ikakhala pa tebulo nthawi yaitali imamuuza kuti yavulidwa."

"Ndikudziwa. Ndinayesa. Anaimba." Apongozi anawerenga pa zala. "Ikafa, shopu yapita. Ikakhala pa tebulo, foni. Ikakhala pa mkono wanga, takisi." Anasiyira pomwepo, chala chachinayi chili m'mwamba. "Kodi imadziwa mkono wa mwini wake?"

"Ayi, bambo. Imangofuna mkono umene uli ndi mtima."

Mkamwini anamva yankho lake likutuluka, lolondola monga mwa nthawi zonse, ndipo analakalaka likanakhala lolakwika.

"Inu muli nawo mtima?"

"Ndili nawo, koma..."

"Wofatsa. Ndakhala ndikukuonani. Ngakhale pa ukwati wanu munkaoneka ngati mukudikira basi. Bweretsani mkono."

"Bambo, kumeneko ndi kunama."

"Mwanena chiyani inu? Simunanene kanthu. Wotchi ndiyo izinena, ndipo izinena zoona: m'shopu muno muli mtima, ukugunda."

Manja amene akhala akumanga mabatani a anthu zaka makumi anayi sachedwa ndi kalamba kamodzi. Mkamwini asanapeze pobowokera mfundoyo, wotchi inali pa mkono wake, ikusonyeza 72.

"Odi muno!"

Namwino uja analowa, ambulera ili m'khwapa. Apongozi anaimirira mwachangu mpaka tepi inagwa.

"Lowani, mayi, lowani. Uyu ndi mkamwini wanga. Akuyesa wotchi."

"Yabwino?" anafunsa mayiyo.

"Yabwino kwambiri," anayankha mkamwini. Zimenezo zinali zoona. Koma analingalira za mkazi wake, ali pa desiki kuntchito, akuona 72 pa foni, akumwetulira, akukhulupirira. Manambala anati 88. Anayesa kuganiza za maginito. Anati 103. Anapuma mozama monga malangizo amanenera, ndipo anati 119.

Pwiii! Pwiii!

Foni ya m'thumba mwake inalira pasanathe ngakhale mphindi. Pofuna kuiyankha, chala chake chinadina pokweza mawu, ndipo shopu yonse inamva.

"Muli ndi bambo? Mtima wawo wafika 126! Akupuma? Ndikuitana takisi!"

Apongozi anatambasula manja onse awiri, akupempha ndi maso.

"Bambo ali bwino," anatero mkamwini. "Aimirira. Apesa."

"Nanga 131 imeneyi?"

Mkamwini anafunafuna bodza m'mutu mwake monga munthu afunira chinthu m'nyumba ya eni, osadziwa pomwe amasunga. Sanalipeze.

"Mtima umenewo ndi wanga."

Namwino uja anapachika ambulera pa msomali, nagwira apongozi pa mkono ndi zala ziwiri, maso ali pa wotchi yapakhoma.

"Mwanawe, usavutike ndi takisi," anatero mokweza. "Bambo akowa ndimawayeza ndekha tsiku lililonse, 3 koloko. Mtima wawo umathamangirako pang'ono ndikangofika, kenaka umakhazikika. Mankhwala amamwa ine ndikuona. Koma mnyamata ali apayu sakundisangalatsa. Watuwa."

"Amenewo ndani?" anafunsa mkazi wake.

"Ndi eni jekete," anatero mkamwini. "Ndi namwino."

"Tsiku lililonse?"

"Kupatula Lamlungu," anatero apongozi motsitsa mawu.

Mkamwini anadziwa kuti mkazi wake anali kuwonkhetsa zinthu, ndipo sankalakwitsa.

"Bambo, mukanangonena," anatero pomaliza, mawu atafewa. "Makatani aja tibweza. Shopu ikhale, poti namwino wanu muli naye." Kenaka mawuwo anabwerera m'malo mwake. "Koma inu bambo a kunyumba, munthu wongokhala pa mpando mtima n'kufika 131? Inu mulibe namwino. Wotchiyo musavule. Kuyambira lero ndi yanu, ndiziona ndekha."

Foni inaduka.

Apongozi anatola tepi yawo, natsitsa jekete pa hang'ala, naithandiza kulowa m'mikono ya mwini wake mosamala, ngati kuti akuiona koyamba. Anati m'chiunomu mukufunika kuchepetsako pang'ono. Mayiyo anavomera kuti nayenso amaona choncho.

Mkamwini anatsala pa kampando kake pakati pa zidutswa za nsalu. Anayang'ana batire. Inali pa 58 peresenti, yathanzi, yokonzedwa ndi manja ake, yokwanira kufika mawa. Anapinda kapepala ka malangizo kanayi, nakaika m'thumba, nakhosomola mwaulemu.

"Bambo," anatero, "tochi ija mumayatsira pati?"