Mpando wa M'munsi

Panali pamzere wolowa m'khoti lakale la m'tauni yathu ku Alabama, m'dziko la America, momwe amaonetseramo sewero lochokera m'buku lina lotchuka la mlandu wa munthu wakuda. Mtsikana wachizungu anatembenukira mayi wachikulire wakuda, wovala chipewa chachikulu cha kutchalitchi.

"Agogo, tikiti yanga ndi ya mipando ya m'mwamba. Tisinthane? Kumeneko mukaona bwino."

"M'mwamba? Mwanawe, ndinakwerako mpaka mawondo anatha."

"Kudzaonera sewero lomweli?"

"Sewero lanji? Milandu yeniyeni! Akuda tonse ankatiunjika m'mwamba, thukuta lili kamukamu, azungu akupitidwa mphepo m'munsi. Ngakhale Baibulo lolumbirira, lathu linali lina."

"Mawu akenso anali ena?"

"Omwewo! Kaya ankaopa kuti tikagwira lawolo, Mose asanduka wakuda."

"Pepani, agogo. Powerenga bukulo ndinkaona ngati m'mwambamo n'mosangalatsa."

"Kwera ukamve wekha kutentha kwake. Ine lero ndikhala m'munsi, kutsogolo kwenikweni, pamphuno pa woweruza."

"Ndi chipewa chimenechi? Nanga akumbuyo kwanu aona bwanji?"

"Akwere m'mwamba. Si wati kumeneko amaona bwino?"