Mkono Wotchera Pachabe

Pamalo odikirira basi, bambo ena aimvi ankayang'ana chithunzi chotsatsa filimu yoopsa yakale imene aijambulanso. Mayi wogulitsa nthochi anayamba kucheza nawo.

"Mwaionera, bambo?"

"Dzulo. Aiwononga! Magazi okhaokha. Yakale ija chitseko chikangolira, holo yonse kukuwa."

"Ija ya chilombo chooneka zipi kumsana?"

"Inu, chilombo chimenecho chinandipezera banja! Mtsikana amene anakhala pambali panga anandigwira mkono ndi mantha, lero ndi mayi akunyumba. Dzulo ndinapita nawo, mkono n'kuutchera bwinobwino. Iwo phee, kumangoyasamula."

"Musainamizire filimu, bambo. Munthu woti wakhala akudzuka n'kuona nkhope yanu zaka zonsezi, angaopenso chiyani?"