Amayi tinawalira maliro ali moyo ku Mozambiki

Moni abale ndi alongo nonse mwa Ambuye. Lero mtima wanga wadzaza chimwemwe moti sindingathe kukhala chete. Dzina langa ndine Esinati, ndimasoka zovala pakhonde la golosale ina ku Kawale, koma kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi malire a Mozambiki. Ndikufuna ndikuuzeni za amayi anga ondibereka, amene madzi osefukira anawakokolola, ife n'kuwalira maliro.

Kale nkhani zoti dziko likutentha ndinkangozimvera pa wailesi, phazi lili pamakina. Ankakamba za nkhalango zoyaka moto kumaiko akunja, za mizinda yomira m'madzi, ine ndinkati zimenezo n'zakutali. Komatu amayi akandiimbira foni ankadandaula kuti mvula yasokonekera. Ankati imachedwa mpaka chimanga kupserera, ndipo ikabwera imabwera ngati yakwiya ndi munthu.

Kenako kunabwera namondwe uja amene anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri kummwera kuja. Mafoni onse anaduka. Netiweki itabwerera, achimwene anga anandiuza kuti nyumba yapita, ndipo anthu anawaona komaliza amayi madzi akuwatenga atakakamira chitseko. Ndinathamangira kumudzi. Tinasaka m'mbali mwa mtsinje, m'misasa, m'zipatala, koma osawapeza. Mapeto ake abusa anabwera kudzatipempherera, tinalira maliro opanda thupi.

Nditabwerera ku Kawale makina ndinangowavundikira ndi chitenje. Ngakhale kupemphera kunkandivuta, abale. Mawu amene ndinkatha kutulutsa anali akuti, "Ambuye, ndionetseniko ngakhale mafupa awo, ndikawaike ngati munthu."

Koma taonani zimene Mulungu amachita! Tsiku lina masana, nditayambiranso ntchito pang'onopang'ono, pakhonde panafika abambo ena ovala kachipewa ka Chisilamu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anati dzina lawo ndi a Jafali, amaoda nyemba ku Mozambiki n'kumadzagulitsa mu Lilongwe muno. Anali atazungulira matelala a mu Kawale kufunsa mayi wa ku Mulanje dzina lake Esinati.

"Ndine ndemwe, bambo," ndinatero.

"Mayi, khalani pansi kaye. Amayi anu ali moyo. Ndawaona ndi maso angawa."

Ndinakuwa mpaka amayi ogulitsa tomato anathamangira kuganiza kuti kwagwa ngozi! A Jafali anafotokoza kuti madzi anawakankhira amayi kutsidya, ku Mozambiki, anthu a mudzi wina n'kuwavuula pa nthochi pomwe anakodwa, mwendo utathyoka, mutu utavulala. Banja lina linawasunga miyezi yonseyi, iwo osakumbuka ngakhale dzina la mudzi wawo. Nzeru zitayamba kubwerera, mlendo aliyense wochokera ku Malawi ankamuuza chinthu chimodzi, chakuti mwana wanga Esinati amasoka ku Kawale.

Abambowa anasiya geni yawo n'kundiperekeza okha ulendo wonsewo. Amayi ndinawapeza atakhala pamkeka akusankha nyemba, ataonda kwambiri, ndodo ili pambali. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Esinati, wachedwatu." Ndinagwa pamiyendo pawo, kulira ndi kuseka nthawi imodzi, eni nyumba nawonso misozi ili mbwembwembwe.

Pano amayi ndikukhala nawo ku Kawale. Lamulungu lapitali anayenda okha ndi ndodo yawo mpaka kutsogolo kwa tchalitchi, mpingo wonse n'kuimirira, nthungululu zokhazokha!

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma anthu osatidziwa, ena a dziko lina, ena a chipembedzo china. Ndikudziwa kuti ambiri abale awo sanapezeke mpaka lero, ndipo ndimawapempherera tsiku ndi tsiku. Nyengo yasinthadi, abale, si nkhani ya pa wailesi ayi. Akatichenjeza kuti tichoke m'mbali mwa mitsinje tiyeni timvere, ngakhale konkuno ku Lilongwe, ndipo mitengo tileke kuitha.

Inu amene mukudutsa m'chigwa lero, limbikani, musaleke kupemphera ngakhale mawu akhale ochepa. Pamene ndikulemba izi amayi akundikalipira kuchokera m'nyumba kuti ndiwo ndachulutsa mchere, ndipo chibadwire sindinamvepo mawu okoma chonchi. Alemekezeke Yehova! Amen.