Thobwa la M'chipanda

Pasiteji ya ku Dzaleka, amayi awiri osadziwana ankadikira minibasi. Mmodzi anali atavala yunifolomu ya Mvano, winayo atanyamula dengu la tomato.

"Mwamuona mzungu wa kamera uja?" anatero a Mvano. "Wandijambula ine."

"Anapempha?"

"Kupempha anapempha. Akuti amazungulira dziko lonse kujambula anthu. Wandionetsa nkhalamba za ku India, asodzi a kwinakwake, n'kuti inenso ndikhala m'buku."

"Buku lanji, mayi? Anthu amenewa amakujambulani mukuseka, n'kukalemba kuti mukulira njala."

"Ayi, uyu amaoneka waulemu."

"Waulemu! Akangoika pafoni, chithunzi chifika kwanu inu musanakwere galimoto. Kwanu n'kuti?"

"Ku Dzoole."

"Nanga mumatani pamene amakujambulani?"

"Ndimamwa thobwa pamthunzi paja."

"M'kapu?"

"Ndinali ndi kapu, koma iye anati ndimwere m'chipanda, akuti n'chokongola."

"Mayi inu! Duku loyera kumutu, chipanda kukamwa? Akulu a mpingo akachiona, yunifolomuyi muvula."

"Koma linali thobwa! Zaka makumi awiri ndili mu Mvano, mowa sindinalawepo ngakhale dontho."

"Ine ndakukhulupirirani, ndamva ndi pakamwa panu. Koma chithunzi sichinunkha, mayi. Thobwa ndi masese adzasiyanitsa ndani?"

Minibasi inafika, kondakitala n'kuyamba kuitanira. A Mvano anaika chikwama chawo pambali pa dengu lija.

"Tandisungirani katunduyu. Walowera mbali iti mzungu uja?"