Ninatseka laputopu ya mwana wanga

Baulutsi, nilemba kuchokera ku Mtendere, manyazi akali kunidya. Mwana wanga wamkazi amapanga apu ya pafoni yoitanira madzi. Apuyo inakana kugwira nchito, ndipo anadikira nthawi yaitali kuti akatswiri amuthandize. Koma ine ninamvera aneba, akuti amadzitsekera m'chipinda kuceza na amuna pa laputopu.

Tsiku lina ninamva mau a mwamuna pa laputopu m'chipinda mwake, ninalowa mwaukali. "Bambo, ngati mufuna mwana wanga, bwerani na bakulu banu!" Laputopu ninaitseka.

Mwana analira. "Amama, aja ndiwo akatswiri onithandiza kukonza apu!"

Ninasowa poika nkhope, ninangogwada kupemphera. Mulungu ni wabwino, bamboyo anaimbanso, ninapepesa nekha pa kamera. Anaseka: "Bamayo, ine ninakwatira kale. Tiyeni tikonze apu."

Amayi anzanga, funsani mwana wanu musanamvere aneba.